Mapulagi Anayi ku Torino

Milungu itatu yapitayo ndinamanga ndekha mapulagi ampikisano,
ozizira, odula, okhala ndi mbendera pa kabokosi.
Lero kagalimoto kanga kofiira kakutsokomola m'mawa uliwonse,
kunjenjemera pa maloboti ngati kali ndi malungo.

Ndinakalowetsa m'galaja ya Ortensia
chifunga cha mtsinje wa Po chikadali pa magalasi.
Sanandipatse moni. Anamvetsera injini, mutu chopendeka,
kenako anatambasula dzanja kuti ndithimitse.

Yoyamba inatuluka yakuda bii, mwaye mpaka m'mazinga.
Yachiwiri chimodzimodzi.
Yachitatu yonyowa, ikununkha petulo wosapsa.
Anawandandalika onse anayi pa nyuzipepala yadzulo
ngati mano ozulidwa.

"Fulvio, umapita kuti ndi galimotoyi?"
Ndinati kumapiri, m'makhotakhota a ku Sestriere,
komwe injini imalira mpaka kukhosi kuuma.
"Liti?"
Ndinawerenga chamumtima.
Chaka chatha, mu Juni. Kamodzi.

Masiku ena onsewa ndi buledi, banki,
mdzukulu wanga Nives akaweruka kosambira,
maloboti khumi ndi anayi a mu Corso Francia,
giya yachiwiri, kumbuyo kwa basi,
phazi likutopa pa kilatchi.

"Pulagi yozizira imataya kutentha msanga," anatero,
"imafuna injini yokwiya tsiku lonse.
M'tauni muno siifika potentha
mpaka kuwotcha litsiro lake lomwe,
ndiye imangovala mwaye, mbaliwali n'kusochera."

Ndinati basi, ndipatseni yotentha kwambiri.
Anaseka, nandiponyera pisitoni ya pa tebulo
imene amasungiramo zolembera.
Pakati pake panali chibowo, chala changa chinalowa.
"Mwini wake ananenanso choncho.
Nsonga inayaka psuu ngati khala,
n'kuyatsa petulo nthawi isanakwane.
Anabwera pa ngolo yokoka, mkazi wake osamuyankhula."

Kenako anatsegula kabati ya kutsogolo kwa mpando
natulutsa buku la galimoto,
likadali m'pulasitiki momwe linabwerera.
Tsamba lina chakumapeto, nambala yaing'ono.
Anailoza ndi chikhadabo chakuda.
Amene anapanga injiniyi anali atayankha kale
funso limene ine ndalilipira kawiri.

Chinatsala n'chitsulo cha kunsonga.
Mkuwa ndi wotchipa, koma uzibwera pafupipafupi.
Iridiyamu ndi yosongoka ngati singano,
"idzatha mawondo ako atayamba kale."
Ndinafunsa ngati idzawonjezere liwiro.
"Idzabweza limene unataya. Lina usaliyembekezere."

Anayeza mpata ndi kachitsulo kopyapyala ngati tsamba,
kulowetsa, kutulutsa, diso limodzi chotsinzina.
Malo ochepa chonchi, osakwana ndi khobidi lomwe,
ndi pamene moto umadumpha
kambirimbiri pa mphindi imodzi, mumdima,
wopanda woombera m'manja.

Tinadikira injini izizire. Tinamwa khofi choimirira.
Anayamba kumanga ndi zala zokha,
kumva mazinga akugwirana bwinobwino,
sipanala pomaliza, mpaka inati tha.
Kanayi.

Kiyi kamodzi kokha.
Phokoso linatuluka losalala, lakuya,
zitini za mabawuti pa shelefu zikuyimba nalo.
"Ubwere pakatha milungu iwiri tidzaone mtundu.
Ndikufuna wa khofi wothira mkaka."

Ampikisano aja anawakulunga m'nyuzipepala momwemo.
Sindinawataye. Ali m'dirowa kunyumba
pamodzi ndi magolovesi achikopa omwe ndinavala kawiri.

Potuluka, loboti loyamba linandigwira.
Mnyamata wa njinga yamoto anandiyang'ana,
napotokola dzanja, kundiputa.
Litayaka lobiriwira ndinamusiya apite.
Nthawi inali itadutsa folo koloko,
ndipo Nives sakonda kudikira panja tsitsi lili lonyowa.